Ganyu Wofukula Mbiri: Ndani Akuteteza Wogwira Fosholo?

Munthu akachoka pa boma la Chikwawa n'kulowera msewu wa ku Majete, amadutsa m'dera la mfumu yaikulu Kasisi. Chakumtunda kwake, kufupi ndi mathithi a Kapichira, pali manda a mnyamata wa ku England dzina lake Richard Thornton. Iye anali katswiri wa miyala ndi nthaka, ndipo David Livingstone anamulemba ntchito mu 1858 ali ndi zaka pafupifupi 20. Anamutuma kukakumba malasha kufupi ndi Tete. Kumeneko malungo ndi kutentha zinamufoola, ntchito inkayenda pang'onopang'ono, ndipo mu 1859 Livingstone anamuchotsa ntchito pomunena kuti ndi waulesi. Patapita zaka anabwereranso m'gululo. Pa nthawi ya njala ya 1863 anayenda wapansi mpaka ku Tete kukagula mbuzi ndi nkhosa zoti amishonale a kwa Chibisa apeze chakudya. Anabwerako atatheratu, ndipo kamwazi ndi malungo zinamupha pa 21 Epulo 1863, ali ndi zaka 25.

Thornton sanali wofukula zinthu zakale, koma ntchito yake inali ya mtundu womwewo: kukumba nthaka pa dzuwa, kutali ndi chipatala, pansi pa bwana amene angakuchotse tsiku lililonse. Dzina lake tikulidziwa chifukwa linalembedwa. Anthu akuda amene ankamunyamulira katundu ndi kumugwirira piki, ambiri mwa iwo palibe amene analemba kuti anadwala chiyani kapena anathera kuti. Ufumu wa Kasisi weniweniwo unayamba ndi anthu otere. Ramakukan, Kasisi woyamba, anali mmodzi wa Amakololo amene anabwera ndi Livingstone ngati antchito a paulendo, n'kutsala m'chigwa muno.

Masiku ano m'chigwa cha Shire mukukumbidwabe, ndipo amene amagwira fosholo nthawi zambiri ndi mwana wa pakhomo ngati lanu.

Kodi m'chigwamu akufukulamo chiyani?

Nthaka ya ku Chikwawa ndi Nsanje inasunga zambiri. Muli mapale a miphika ya anthu amene anakhalako zaka mazanamazana zapitazo, mikanda, mafupa a nyama zimene ankadya, ndi zotsalira za ng'anjo zimene Amang'anja ankasungunuliramo chitsulo. K. R. Robinson anayenda m'chigwachi akufufuza malo otere, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1973. Pambuyo pake Menno Welling anafufuza za ufumu wa Lundu, umene likulu lake lakale limadziwika ndi dzina loti Mbewe ya Mitengo. Kumunsi ku Nsanje kuli Khulubvi, kachisi wa Mbona. Kutali ndi kuno, ku Mankhamba m'boma la Dedza, Yusuf Juwayeyi anafukula likulu la Amaravi n'kupeza minyanga ya njovu, mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Popanda okumba, mbiri yonseyi ikanakhala ya pakamwa pokha.

Koma kufukula kwambiri masiku ano kumabwera chifukwa cha zomangamanga. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale, ndipo ntchito yaikulu isanayambe pamafunika kufufuza kaye ngati malowo ali ndi manda kapena mabwinja. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikuchokera ku Kapichira n'kudutsa kwa Kasisi kulowera ku Bangula kuti ithirire mahekitala opitirira 43,000, ndi ntchito ya mtundu umenewu. Mabungwe obwereketsa ndalama monga World Bank amafuna kuti makina akatulutsa mafupa kapena mapale, ntchito pamalopo iime kaye mpaka akatswiri abwere. Misewu, migodi ndi madamu zimatsata njira yomweyo.

Vuto limabadwira pomwepo. Ofukula amagwira ntchito makina akudikira kumbuyo kwawo, ndipo tsiku lililonse limene makina aima ndi ndalama za wina. Gulu lake limakhala la akatswiri ochepa ochokera ku nthambi ya boma yoona za malo osungirako zinthu zakale kapena ku yunivesite, ophunzira angapo, ndi anthu ambiri a m'mudzi omwe amalembedwa kudzera kwa anyakwawa. Katswiri amajambula, kuyeza ndi kulemba. Anthu a m'mudzi ndiwo amakumba, kukankha wilibala, kusefa dothi ndi kutunga madzi otsukira mapale. Ntchito yawo imatha masabata awiri, atatu, mwina mwezi. M'mudzi amangoitcha ganyu.

Dzuwa la m'chigwa

Kufukula kumachitika m'chilimwe chifukwa mvula imawononga maenje. Ndiye kuti nthawi yabwino kwa katswiri ndi yomweyo imene dzuwa la ku Chikwawa limaposa madigiri 40, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. M'dzenje mulibe mphepo, ndipo dothi limabweza kutentha kumaso.

Thupi likamagwira ntchito yolemetsa pa kutentha kotere limatha kutaya madzi okwana lita imodzi kapena kuposerapo pa ola limodzi kudzera m'thukuta. Ludzu limabwera mochedwa, madzi atachepa kale. N'chifukwa chake malangizo a zaumoyo wa pantchito amati munthu azimwa kapu imodzi ya madzi pa mphindi 15 mpaka 20 zilizonse, osadikira ludzu, komanso osagugudiza malita ambiri nthawi imodzi. Mkodzo ndiwo umanena zoona: ukakhala wochepa ndiponso wakuda ngati tiyi, impso zikuvutika. Amene akutuluka thukuta tsiku lonse amatayanso mchere, choncho kudya nsima ndi ndiwo pa nthawi yake, kapena kumwa Thanzi ORS, n'kofunika mofanana ndi madziwo.

Impso n'zimene zimalipira mwakachetechete. Ku Nicaragua ndi El Salvador anyamata ambiri odula nzimbe anadwala matenda a impso osachiritsika, ndipo ofufuza anaona kuti kugwira ntchito yolemetsa pa dzuwa ndi madzi ochepa, tsiku ndi tsiku, kuli pakati pa zifukwa zikuluzikulu. Kumeneko anayamba kutsatira zinthu zitatu: madzi, kupuma ndi mthunzi. Anthu a ku Nchalo ndi Kasinthula nkhani ya nzimbe ndi dzuwa saifunsa kwa wina. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mankhwala opha ululu monga Brufen ndi Indocid, amene munthu amagula pa golosale msana ukamapweteka, amavulaza impso kwambiri akamwedwa thupi lili louma. Kachasu wa usiku amachititsa kuti munthu afike pa dzenje m'mawa madzi atachepa kale.

Mutu, chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu ndi chenjezo loti munthu atuluke m'dzenje, akhale pamthunzi, amwe madzi. Koma akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira ngati woledzera, kapena kukomoka, imeneyo ndi ngozi yoti ingamuphe. Mugonekeni pamthunzi, muvuleni zovala zolemera, muthireni madzi thupi lonse n'kumamupepeza, ndipo galimoto inyamuke nthawi yomweyo kupita kuchipatala, mukumuziziritsabe m'njira. Wokomoka sapatsidwa chakumwa.

Thupi limafuna sabata imodzi kapena awiri kuti lizolowere kutentha. Wophunzira amene watsika dzulo kuchokera ku Zomba kapena Blantyre ali pa chiopsezo chachikulu kuposa mnyamata wa kwa Kasisi, ngakhale wa kwa Kasisiyo asadzinamize kuti dzuwa limamudziwa. Magulu ofukula ku Jordan, kuphatikizapo a Andrews University amene anayamba kukumba ku Heshbon mu 1968 motsogozedwa ndi Siegfried Horn, amadzuka kusanache n'kuweruka chakumasana, madzulo n'kumatsuka mapale pamthunzi. Alimi a m'chigwa amachita zomwezo kumunda kuyambira kalekale. Kapitawo amene akufuna anthu akhale m'dzenje 2 koloko masana mu Novembala akupulumutsa tsiku limodzi pa kalendala, koma akubwereka kwa impso za ana a eni.

Dzenje likagumuka

Adzukulu amadziwa kuti dothi limene likuoneka lolimba pamwamba likhoza kukhala mchenga pansi. M'mbali mwa Shire ndi Mwanza nthaka yambiri ndi yobwera ndi madzi osefukira, mchenga ndi matope zosanjikizana. Kwina kuli makande, amene amang'ambika akauma n'kuterera akanyowa. Akatswiri amakonda makoma oongoka chifukwa ndi mmene amawerengera mizere ya dothi, koma khoma loongoka ndilo limagwa.

Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ngati matumba 30 a chimanga a makilogalamu 50. Munthu safunika kukwiririka mutu kuti afe. Dothi likafika pachifuwa, nthiti zimalephera kufutukuka. Ndipo wofukula nthawi zambiri amakhala atagwada, akupala pansi ndi kampeni kofanana ndi ka amisiri omanga nyumba, kotero dzenje lofika m'chiuno limakhala litamupitirira kale.

Dzenje likamayandikira mita imodzi ndi theka, makoma ake ayenera kuchirikizidwa ndi matabwa, kapena kukumbidwa mwa masitepe kuti likhale lotambalala kumwamba. Pa mchenga zimenezi zimayamba dzenje lisanafike pamenepo. Mulu wa dothi lokumbidwa uzikhala patali ndi m'mphepete, mita imodzi kapena kuposa, ndipo galimoto ndi makina zisayandikire. Muzikhala makwerero. Munthu asakhale m'dzenje yekha popanda womuyang'ana pamwamba. Kukagwa mvula usiku, m'mawa makoma aonedwe kaye aliyense asanatsike.

Dzenje ndi ngozinso kwa amene salipidwa n'komwe: ana obwera kudzaonerera, mbuzi, ng'ombe, munthu wodutsa usiku. Eksodo 21:33, 34 amaika mlandu pa wokumba dzenje amene sanalivindikire chiweto cha mnzake chikagweramo. Mudzi uli ndi ufulu wofunsa, ntchito isanayambe, kuti maenjewo adzatchingidwa ndi chiyani usiku ndipo adzakwirira ndani gulu likamachoka.

Tizilonda, njoka ndi madzi

Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi, makamaka limene lili ndi ndowe, ndipo Chikwawa ndi dziko la ng'ombe. Kabala kakang'ono ka phale kapena waya n'kokwanira. Amayi ambiri amalandira katemera wake ku sikelo akakhala oyembekezera, pamene abambo ambiri anabayidwa komaliza ali makanda. Kupita kuchipatala kukafunsa za katemerayu ntchito isanayambe n'kwanzeru. Bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi oyera, osathira dothi kapena phulusa.

Njoka ndi zinkhanira zimakonda kulowa pansi pa pulasitiki wovindikira dzenje, choncho m'mawa muzivundukula ndi ndodo. Mphiri sithawa munthu, imangokhala duu pa njira, ndipo patapata sateteza phazi. Munthu akalumidwa, musateme, musayamwe, musamange chingwe chothina. Mukhazikeni phee, chotsani mphete ndi zothina, mwendo kapena mkono usagwedezeke, ndipo mupite naye kuchipatala. Njoka ikamulavulira m'maso, atsukidwe ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. Kumene ntchito yalowa mu Majete, mmene muli njovu, njati ndi mikango, palibe woyenda popanda mlonda wa nkhalangoyo.

Fumbi la pa sefa limalowa m'chifuwa tsiku lonse. Osefa aime kumene mphepo ikuchokera, avale chotchinga pamphuno, ndipo azisinthana.

Madzi ndiwo amanyenga kwambiri. Munthu amene wapsa tsiku lonse amafuna kudziponya mu Shire kapena m'thamanda. Mu Shire muli ng'ona, ndipo m'madzi odekha muli nkhono za likodzo. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inabwera anamondwe a Ana ndi Gombe atangowononga zitsime ndi zimbudzi, inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Msasa wa anthu 20 wopanda chimbudzi, akumwa m'chigubu chimodzi ndi kapu imodzi, ndi malo amene matenda otsekula m'mimba amafalikira msanga. Madzi akumwa athiridwe klorini kapena awiritsidwe, ndipo aliyense wogona pamsasa akhale ndi neti yake.

Chifukwa chake anthu amabisa kudwala

Zonse zimene tanenazi si zachilendo, ndipo akatswiri ambiri amazidziwa. Nanga n'chifukwa chiyani munthu amapitiriza kukumba mutu ukumupweteka? Chifukwa ntchito ndi ya masabata atatu, amalipidwa pa tsiku, ndipo pamsewu pali anyamata ena khumi amene akudikira kuti wina alephere. Akanena kuti akumva chizungulire, mawa dzina lake silikhala pa mndandanda. Akafunsa za jombo, amaoneka wovuta. Ine ndikuona kuti ngozi yaikulu pa malo ofukula ili pamenepa, kuposa njoka kapena dothi, chifukwa munthu woopa kuchotsedwa sachenjeza aliyense, ngakhale ataona khoma likung'ambika.

Akatswiri nawonso sali pabwino kwenikweni. Ntchito zokhazikika za ofukula m'Malawi n'zochepa, kotero wachinyamata amene wamaliza maphunziro amangotsatira mapulojekiti, lero ku Chikwawa, miyezi inayi pakhomo, kenako ku Karonga. Ngakhale ku Britain, kumene kuyambira 1990 omanga ndiwo amalipira ntchito yofukula, ofukula ambiri amakhalira makontirakiti a miyezi yochepa. Woyang'anira amene iye mwini sakudziwa ngati adzaitanidwanso savuta kugonja pamene omanga akumufulumizitsa.

Malamulo athu ali ndi mpata umene anthu otere amagweramo. Pansi pa Employment Act ya 2000, tchuthi cholipidwa cha wodwala, chomwe ndi masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka, chimayamba munthu akagwira ntchito miyezi 12 mosalekeza. Wa ganyu wofukula safikako. Ndalama ya pothera ntchito nayonso siperekedwa kontirakiti ya nthawi yoikika ikangotha yokha.

Koma sikuti alibe chomuteteza. Lamulo lomwelo limazindikira ntchito ya nthawi yoikika ndi ntchito ya chinthu chimodzi chodziwika ngati ntchito yeniyeni, limaika malire a maola 48 pa sabata, ndipo limalola wochotsedwa mopanda chilungamo kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya pa boma pasanathe miyezi 3. Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997 imaika pa wolemba ntchito udindo woteteza moyo ndi thanzi la antchito ake, kuphatikizapo madzi akumwa, chithandizo choyamba ndi zovala zodzitetezera. Workers' Compensation Act ya 2000 imanena za chipukuta misozi kwa wovulala pa ntchito. Mu 2019 dziko la Malawi linavomereza mapangano a bungwe la ILO okhudza chitetezo cha pantchito. Malamulo onsewa amafuna chinthu chimodzi kuti agwire: umboni woti munthuyo analembedwadi ntchito, ndi ndani, kuyambira liti. Ganyu wa pakamwa ndiye amasowa umboni umenewu.

Zoti banja lifunse tsiku loyamba lisanafike

Nthawi yabwino yofunsa ndi pamene anyakwawa akulemba mayina, mudzi wonse uli pamodzi. Funso likachokera kwa mfumu kapena komiti ya chitukuko, palibe mnyamata mmodzi amene angatchedwe wovuta. Wolemba ntchito weniweni ndani: nthambi ya boma, yunivesite, kapena kampani yomanga? Malipiro ndi angati pa tsiku, ndipo aziperekedwa liti? Munthu akadwala pakati pa tsiku, tsikulo liwerengedwa? Akapuma masiku awiri chifukwa cha malungo, malo ake amusungira? Galimoto izikhala pamalopo tsiku lonse, kapena izingotula anthu n'kubwerera ku boma? Funso lomalizali ndi la moyo ndi imfa pa nkhani ya njoka ndi kukomoka. Mayankho alembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope, asainidwe, ndipo lijambulidwe pa foni.

Kwa ife osunga Sabata pali funso lina. Magulu ofukula amakonda kugwira masiku asanu ndi limodzi, n'kupuma Lamlungu. Employment Act imati munthu asagwire masiku opitirira 6 otsatizana popanda kupuma maola 24, ndipo tsikulo likhoza kukhala limene mbali ziwirizo zagwirizana. Nenani za Sabata polembedwa, osati Lachisanu masana ntchito ili pakati. Pa malo ofukula pamakhala zambiri zoti zigwiridwe Lamlungu kapena m'mamawa wa masiku ena, monga kutsuka mapale, kusefa dothi lotsala ndi kulondera maenje, ndipo woyang'anira amene wauzidwa nthawi ilipo savutika kukonza. Mkulu wa mpingo angathandize ndi kalata.

Atsikana ndi amayi amalembedwanso, kawirikawiri pa sefa ndi potunga madzi. Iwo afunse za chimbudzi chawochawo, chifukwa mayi amene alibe kopita amasiya kumwa madzi kuti asafune kutaya madzi, ndipo pa dzuwa la m'chigwa zimenezo n'zoopsa. Afunsenso kuti munthu angakadandaule kwa yani ngati kapitawo akufuna chibwenzi kuti dzina likhalebe pa mndandanda. Woyembekezera asapatsidwe ntchito ya m'dzenje kapena ya wilibala pa kutentha kotere.

Pakhomo pali zochita zazing'ono: chakudya cha m'mawa asananyamuke, botolo lakelake la madzi, chipewa chotambalala, malaya a manja aatali opepuka, ndi kope lolembamo tsiku lililonse limene wagwira ndi ndalama iliyonse imene walandira. Akavulala, ngakhale pang'ono, auze woyang'anira tsiku lomwelo pamaso pa mboni, ndipo kuchipatala apemphe kuti m'buku lake la zaumoyo alembe kuti bala lachitikira pa ntchito.

Matenda ena amadikira kuti ntchito ithe. Malungo amaonekera patapita sabata imodzi kapena kuposerapo munthu atalumidwa ndi udzudzu. Kafumbata amatha kutenga masiku 3 mpaka masabata 3, n'kuyamba ndi kuuma kwa nsagwada ndi khosi. Magazi a likodzo mumkodzo amabwera patatha miyezi. Pa nthawi imeneyo matenti anapasulidwa kale, mapale ali m'mabokosi ku Lilongwe kapena Blantyre, ndipo nambala ya kapitawo mwina sikugwiranso. Choncho gulu lisananyamuke, lembani dzina la bungwe ndi ofesi yake, osati dzina la kapitawo lokha, ndipo pemphani kalata yaifupi yonena masiku amene munagwira ndi ntchito imene munaphunzira. Kalatayo ndi imene mudzaonetse ku ofesi ya zantchito ngati pabuka vuto, ndiponso kwa gulu lina likadzabwera kudzafuna anthu odziwa kusefa. Wophunzira amene wabwerera kumtunda n'kuyamba kutentha thupi akayezetse malungo tsiku lomwelo, ndipo auze dokotala kuti anali ku Chikwawa, ankakumba dothi, komanso ngati anasambako mumtsinje.